Kamela Yosalila

Ndine wojambula zithunzi. Ntchito ina sindidziwa. Sukulu ndinalekela pa giledi seveni. Khasu ndimagwila, koma chimanga changa sichinatifikitsepo ku masika ena. Chimene chadyetsa nyumba yanga ndi kamela.

Ndimakhala ku Nyimba, kuseli kwa msika wa nthochi. Ndimayenda pa honda, njinga yamoto. Maukwati, ubatizo, makwaya, ana omaliza sukulu, malilo. Ku Mwape amandidziwa. Ku Nyalugwe amandidziwa. Ngakhale ku Sasare, kumene kunali mgodi wa golide, ndajambulako. Dzina langa ambili salidziwa. Amangoti a Kamela.

Kamela yanga ndi yaikulu, yakuda, yolemela ngati njelwa. A m'tauni amaitcha DSLR. M'kati mwake muli kagalasi. Ukaika diso pa kazenela ka kumbuyo, kagalasiko ndi kamene kamakuonetsa munthu. Ukadina batani, kamatukuka n'kugwanso. Phokoso lake ndi limenelo: khatya!

Anthu a kwathu amalidziwa phokosolo. Akaima kutsogolo kwa kamela amauma thupi. Saseka. Sapuma. Manja m'mbali, chibwano m'mwamba. Amadikila. Ikalila, m'pamene amamasuka, wina kutsokomola, wina kukanda pamene pamamuyabwa. Funso ndi limodzi kulikonse: "Yalila?" Ikalila, chithunzi chilipo. Ikapanda kulila, palibe chachitika. Ndinapeza zili choncho. Sindine ndinaziyamba.

Mafoni atabwela, anzanga ojambula anasiya mmodzimmodzi. Ine ndinatsala. Sikuti ndine katswili. Kumidzi amati chithunzi cha pa foni ndi chosewela, foni ikagwela m'chitsime chapita. Chithunzi chenicheni ndi cha chikamela chokoloweka pakhosi, cholila, chotuluka pa pepala. Kukula kwa kamela ndi kulila kwake ndizo zinandisunga pa ntchito.

Ndiye zinthu ziwili zinakalamba pamodzi: kamela ndi diso langa lamanja.

Kagalasi kanayamba kukakamila m'mwamba. Ndikadina, khatya, kenako mdima. Ndinkachita kuimenya ndi chikhatho kuti kagwe. Lenzi, chigalasi cha kutsogolo chija, inaleka kale kudzipezela yokha munthu. Ndinkaizungulitsa ndi zala mpaka nkhope itaoneka bwino. Zimenezo zimafuna diso. Diso linayamba kuchita chifunga. Ku chipatala anati ndi ng'ala, ndidikile ikhwime. Lamanzele silinakhalepo labwino chibadwile.

Panja pa dzuwa ndinkakwanitsa. M'tchalitchi cha mazenela ang'onoang'ono ndinkangoganizila. Ukwati wina ku Mwape, maluwa a kumbuyo anatuluka bwino, nkhope ya mkwatibwi ngati ali mu utsi. Amake sananditukwane. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, n'kuchiika m'Baibulo. Bola akanatukwana.

Mkazi wanga anamva ku tchalitchi.

"Atate ake mwana," anatelo, "pitani kwa mlamu wanu. Musadikile kuti anthu achite kukuuzani."

Mlamu wanga ndi mlongo wake wa mkazi wanga, wamng'ono. Ali ndi kashopu ku boma la Petauke. Ndiko ndimatsukitsa zithunzi. Amabweletsanso makamela ogwilapo kale ntchito kuchokela ku Lusaka. Pakamwa pake sipatseka.

"Alamu, mwabwelanso ndi mtembo uja?" anatelo atandiona ndi chikwama.

"Ikali kulila."

"Nkhuku nayo imalila tikamaidula khosi. Khalani apo."

Anatulutsa makamela awili n'kuwaika pa tebulo. Yoyamba inali ngati yanga, koma yosakalamba. Anati lenzi yanga ilowa. Anati batile imodzi imaliza ukwati wonse n'kutsalako. Ndinadina. Khatya! Mpaka mai amene anabwela kudzatenga zithunzi za chitupa anatembenuka. Mtima unakhala m'malo. Ndinaika diso pa kazenela. Chifunga chomwe chija.

Yachiwili inali yaing'ono, yaphwatalala, ngati sopo wochapila.

"Iyi ndi ya masiku ano," anatelo mlamu. "Amati milalesi. Ilibe kagalasi. M'kazenela mwake muli ka TV. Suzumilani."

Ndinasuzumila. Shopu ya mlamu ndi yamdima. M'kazenelamo munali mowala ngati pabwalo. Kabokosi kobiliwila kanalumphila pa diso la mlamu. Anapendeka mutu, kanamutsatila.

"Imadzifunila yokha diso la munthu. Chanu n'kudina basi. Ngakhale wakhungu angajambule. Ndiye kuti yanu imeneyo."

Ndinadina. Zii.

"Yakufa iyi."

"Yajambula. Onani."

Anatembenuza kumbuyo kwake. Nkhope yake inali pamenepo, mpaka tsitsi la m'mphuno.

"Ndinaitseka pakamwa," anatelo. "Abusa amakonda choncho. Wina akupemphela, inu khatya, khatya, ngati mukuwaza nkhuni."

Sanandibisile zoipa zake. Lenzi yanga silowa. Batile imamwa ngati chidakwa, ndipo kumene ndimagwila ntchito kulibe magetsi. Za m'kati mwake zonse n'Chingelezi, zilembo zazing'ono ngati nyelele.

Mphamvu zanga zinali za imodzi. Ndinakhala pa benchi, makamela awili ali pa tebulo. Yaikulu anthu adzailemekeza, koma ine sindiona nayo. Yaing'ono ndimaona nayo, koma ndani adzaitana munthu kuchokela ku Nyimba chifukwa cha kasopo? Ndinakhala mpaka mai uja anapita, ena anabwela, anapitanso.

"Alamu, benchi imeneyo si ya lendi," anatelo. "Tengani yaing'onoyo mukayese. Mukaigwetsa, ndikatenga mlongo wanga."

Kunyumba mkazi wanga anaitenga ndi zala ziwili.

"Kameneka?"

"Kameneka."

"Anthu adzati mwasauka."

Ndinaibweza m'chikwama.

Ntchito yoyamba inachokela ku Nyalugwe. Mai wina anatumiza uthenga kuti atate ake akundifuna. Mdalayo ndinkamudziwa. Anagwila ntchito pa mgodi ku Kitwe, n'kubwelela kwawo atapuma. Ankafuna chithunzi cha pa bokosi.

Masiku ano malilo opanda chithunzi pa bokosi amaoneka ngati a mlendo. Munthu akamwalila, abale amathamanga kufunafuna, ambili n'kungokuza cha pa chitupa. Mdalayo anaona malilo a mnzake. Pa bokosi la nkhalamba anaikapo nkhope ya mnyamata, chidindo cha boma chili patsaya. Anabwelako atakwiya. Anati lake lisadzatelo. Adzisankhila yekha akali ndi mpweya.

Unali mwezi wa Okutobala. Msewu wa ku Nyalugwe ukamatsika, mphepo imatha. Fumbi lokhalokha. Yaing'ono ndinaiika m'thumba la jekete. Yakale inali pansi pa chikwama. Sindinaitengele ntchito. Kuisiya kunyumba manja anakana.

Ndinapeza mdala atavala kale. Jekete lakuda lonunkha sutikesi, tayi, nsapato zopolisha. Miyendo yotupa. Ndodo ili m'manja. Azimai a pafupi anali atakhala pa mphasa pansi pa mtengo wa mango, kudzaonelela.

"Bambo, tikujambulani mutakhala pa mpando," ndinatelo.

"M'bokosi ndidzagona mokwanila. Apa ndiima."

Mwana wake uja anamugwila mpaka pa khoma la njelwa. Anamukonza tayi, n'kumulanda ndodo. Ndinatulutsa yaing'ono. Mdala anaiyang'ana. Anandiyang'ana. Anauma thupi, chibwano m'mwamba.

Kabokosi kobiliwila kanagwila diso lake. Ndinadina. Ndinadinanso. M'kazenela ndinaona zonse. Chipsela cha ku mgodi pamphumi. Imvi za m'nsidze. Mitsempha ya pakhosi. Panali patapita zaka ndisanaone nkhope ya munthu chonchi. Ndinaiwala kutsitsa kamela.

"Basi bambo, yatha."

Sanasunthe.

"Bambo, khalani pansi."

Analankhula mano atalumana, kuopa kuwononga chithunzi. "Sinalile."

"Iyi silila. Koma yajambula."

"A Kamela, fulumilani," anatelo mwana wake. "Miyendo ikunjenjemela."

Ndinapita pafupi kuti ndimuonetse. Anakana kuyang'ana.

"Za pa foni adzukulu anandijambula kale," anatelo. "Ndakuitanani kuchokela ku Nyimba kuti mudzandiseweletse? Ine ndikufa, mwana wanga. Sindisewela."

Anamukhazika pa mpando. Ine ndinayamba kufuna pamene mlamu anaitsekela pakamwa. Ndinadina apa, ndinadina apo. Chingelezi chokhachokha. Netiweki pamudzipo imagwila pa chulu, kuseli kwa khola la ng'ombe. Ndinakwela. Ndinamuimbila foni mlamu. Atamva anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwaikidwa pa chulu ndi nkhalamba, alamu?"

"Nena msanga."

Anandiuza. Ndinasochela. Anandiuzanso. Thukuta likugwela pa kamela. Pomaliza ndinapapeza.

Mdala anaimanso. Anamulandanso ndodo. Ndinadina. Tsi. Kaphokoso ngati ka mbewa.

Mai wina pa mphasa anati, "Yayetsemula." Onse anaseka. Mdala sanaseke. Anaimabe, akudikila. Ndinati ndidinenso pafupi ndi khutu lake. M'kazenela munatuluka chizindikilo chofiila, kenako mdima. Batile inathela pa chulu paja.

Ndinatsegula chikwama. Ndinatulutsa yakale n'kuikoloweka pakhosi.

"Eyaa," anatelo azimai. "Yabwela yeniyeni."

Mdala anali atagwela kale pa mpando. Mwana wake anati basi atate, zakwana. Iye anati mundidzutse. Anamudzutsa anthu awili. Malaya anali atanyowa ndi thukuta mpaka kolala. Anakweza chibwano.

Ndinaika diso pa kazenela. Chakuda cha jekete ndinachiona. Pamwamba pake panali chinthu ngati nkhope. Ndinazungulitsa lenzi uku, ndinabweza uku. Nthawi inalibe. Ndinadina.

Khatya!

Kagalasi kanakakamila. Ndinamenya ndi chikhatho. Palibe anasamala zimenezo. Mdala anatulutsa mpweya wonse n'kugwela m'manja mwa mwana wake.

"Yalila," anatelo.

Anandipatsa tambala. Ndinamumanga kumbuyo kwa honda.

Ku Petauke mlamu anaika zithunzi zonse pa kompyuta. Cha kamela yakale, njelwa za khoma zinaoneka imodziimodzi. Nkhope inali utsi. Cha yaing'ono, mdala anali pamenepo wathunthu, ngati alankhula.

"Titsuke chiti?" anafunsa mlamu.

Tsiku limenelo sanaseke. Anatsuka cha yaing'ono, chachikulu, n'kuchiika m'felemu.

Nditapita nacho, mdala anali pa mphasa pakhonde, atafunda bulangete ngakhale kunkatentha. Anachigwila ndi manja awili. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Anaitana azimai aja.

"Mwaona? Kasopo kaja kakanatulutsa izi? Onani chipsela changa. Chachikulu ndi chachikulu, a Kamela. Kaja mukapatse ana."

Ndinatsegula pakamwa. Mwana wake anandiyang'ana. Ndinatseka.

Anandipelekeza mpaka pa honda. Tili awili analankhula chapansipansi.

"Kolala ndi youma pa chithunzipo."

"Ndi youma."

"Pamene inkalila ija anali atanyowa."

"Anali atanyowa."

"Musawauze," anatelo. "Akhala akugona bwino chilileni kamela ija."

Mdala anamwalila mvula yoyamba itagwa. Chithunzi chinakhala pa bokosi. Anthu a midzi yonse ya kumeneko anachiona. Pa malilo pomwepo nkhani inayenda, mmene malemu anakanila kakamela kosewela, mmene anaimila pa miyendo yotupa mpaka yeniyeni italila. Wolalikila anaitchulanso. Anati munthuyu sankalola zachinyengo. Ine ndinali kumbuyo, chikamela chili pakhosi. Anthu ankatembenuka kuchiyang'ana.

Kuchokela pamenepo nkhalamba za ku Nyalugwe ndi ku Mwape zinayamba kundiitana. Aliyense akufuna cha pa bokosi. Uthenga wake ndi umodzi: abwele ndi cholila chija, osati kaja.

Ndinabwelela kwa mlamu. Yaikulu ya pa tebulo ija inali ikalipo. Ndinaitenganso. Ndinasuzumilanso, mwina diso lasintha maganizo. Chifunga. Ndinaibweza. Ndinagula yaing'ono, ndi mabatile ena apadela.

"Mtembo musiye kuno," anatelo mlamu. "Ndiuike pawindo, ana aziona za makedzana."

"Ndikupita nawo."

Anandiyang'ana. "Alamu, ndinati ndikupeputseni katundu. Mwaonjezela."

Ndi mmene ndikugwilila ntchito mpaka lelo. Yaikulu pakhosi, poonekela. Yaing'ono m'thumba. Ndimaimika anthu. Ndimati, "Imani bwino, ndiyambe ndayeza kuwala." Amauma. Ndimatulutsa yaing'ono, tsi, tsi. Ndimaibweza m'thumba. Ndimakweza yaikulu. Khatya! Amamasuka. M'yaikuluyo mulibe ngakhale kakhadi kosungila zithunzi. Ndinakachotsa. Kalibe ntchito.

Khosi limandiwawa. Mabatile ndimachita kupempha malo pa sola ya m'magolosale, n'kukhala pa khonde kudikila kuti adzaze. Ukwati ukatalika, mtima umakhala pa kachizindikilo kofiila, osati pa akwati. Kale ndinkatuluka ndi kamela imodzi, batile imodzi, mtima umodzi.

Mkazi wanga anati, "Auzeni zoona. Zithunzi ndi zabwino, adzazolowela."

Ndinayesa. Kwaya ina ya amai kuno ku Nyimba inagula yunifomu yatsopano. Ndinapita ndi yaing'ono yokha. Ndinafotokoza. Ine kufotokoza sindidziwa, koma ndinayesa. Ndinawaonetsa nkhope zawo kumbuyo kwa kamela. Anati zikomo bambo, taona. Tcheyamani wawo anati tikuuzani. Sabata inayo anaitana munthu wina wa ku Petauke, wa chikamela chachikulu. Zithunzi zake ndinaziona pa khoma la tchalitchi. Zanga zikanaposa. Palibe anandifunsa.

Sindinayesenso.

Achinyamata a pa boma amaidziwa yaing'onoyo. Wina anandiimitsa pa msika wa nthochi, anati mdala muli ndi kamela ya ukali, nanga chigubu ichi mukuchinyamulilanji? Achinyamata amenewo ali ndi mafoni awo. Sandiitana. Ondiitana ndi ofuna kumva kulila.

Nthawi zina ndikakweza yaikulu ndimaona munthu akudzikonza ndi mtima wonse. Agogo ena ku Mwape anapempha kuti ndidikile avale mpango wa chigwilizano. Anaima, anauma, akuyang'ana m'lenzi yopanda kanthu. Chithunzi chawo chinali kale m'thumba mwanga, alibe mpango. Ndinachita kunena kuti kuwala kwasintha, ndiyezenso. Anadandaula kuti ndikuchedwetsa.

Ng'ala ikukhwima. Akadzaichotsa mwina ndidzaonanso, mwina ayi. Mlamu akuti makamela a kagalasi akutha, opanga akuwasiya. Akuti yanga ikadzakakamila kotheletu, wokonza kulibe, ngakhale ku Lusaka. Ndinamufunsa ngati yaing'onoyi singakwezedwe mawu. Anati imeneyo si wailesi.

Ndiye m'mawa uliwonse, ndisanalize honda, ndimaitulutsa yakaleyo. Ndimaipukuta fumbi. Ndimailozetsa ku khoma n'kudina. Mkazi wanga akamasesa pabwalo amaimitsa tsache kuti amve.

Mailo inalila bwino. Lelo ndinadina, kagalasi kanakwela, sikanatsike. Ndinamenya ndi chikhatho. Zii. Tsache linaima. Ndinamenyanso, mwamphamvu. Kanagwa.

Ndinadinanso. Khatya.

Tsache linayambanso. Ndinaikoloweka pakhosi. Ku Nyalugwe kuli nkhalamba ina ikudikila, yavala kale jekete.